Tiyi wa ku Bositoni

Chaka cha mliri wa kolona ndinataya mkazi wanga Chikondi, tulo, ndi chilakolako cha tiyi. Lero ndikusamuka ku Al Duhail, kunja kuno komwe ndimagwira ntchito, poti lamulo latsopano likutilola kusintha ntchito osagwadira bwana. Zambiri ndikutaya. Nditatsegula kachitini ka Chikondi ka masamba a tiyi a ku Thyolo, fungo landibwezera ku pulayimale.

Aphunzitsi anatiuza kuti anthu a ku Amereka anayamba kumenyera ufulu potaya tiyi wa Angelezi m'nyanja ku Bositoni. Ine ndinaona kuti ufulu ndi wotchipa. Nditaweruka ndinakhuthulira paketi yonse ya amayi m'chitsime, n'kulengeza kuti sindidzasesanso pabwalo. Madzi anafiira, n'kumanunkhira bwino.

Amayi, amene ankathyola tiyi ku esiteti, anathyola kamtengo. "Aphunzitsi akowo anakuuza amene anathyola tiyiyo?"

Sanatiuze. Sanatiuzenso kuti ena mwa ofuula za ufuluwo anali ndi akapolo kunyumba.

Chikondi, yemwe anali namwino, ankaseka nkhaniyi mpaka misozi. Ufulu wandipeza ndili ndekha, koma kachitinika ndipita nako. Tikulankhula komaliza pafoni, akupuma movutikira, anandiuza kuti: "A Bositoni, musanditayire tiyi wanga. Ndikubwera kudzamwa."