Njinga Imene Ndinawasankhira Apongozi

Tsiku limene ndinakapempha mwana wawo, apongozi anga aamuna a ku Area 25 anandisiya chigwadire pakhonde la simenti ola lathunthu, iwo akumwa tiyi n'kumandifunsa ngati kukonza njinga ndi ntchito. Papita zaka, koma mawondo anga sanaiwale.

Chaka chatha mawondo awo anayamba kuwavuta, ndipo ana awo anagwirizana zowagulira njinga yamagetsi kuti azipita kutchalitchi osapalasa kwambiri. Wokasankha ndinali ine, poti ndimakonza njinga ku Biwi.

Mushopu munali njinga ziwiri. Ina inalibe chitsulo chopingasa pakati, munthu amangolowetsa mwendo n'kukhala. Ndinadziwa kuti yowayenera ndi imeneyo, ndipo apongozi, omwe ndinapita nawo, anali ataigwira kale.

"Bambo, imeneyo ndi yachizimayi," ndinatero mwaulemu wonse. "Mkulu wa mpingo ngati inu, anthu aziti mwabwereka ya amayi."

Anaisiya ngati yawawotcha. Tinatenga yachitsulo ija, yaitali bwino. Lamulungu loyamba ndinaima kuseri kwa mpanda n'kumawaonerera akuponya mwendo katatu konse osawoloka, akubuula, jekete litakwera kumsana. Sindinama, ndinamva kukoma mpaka m'mafupa.

Mkazi wanga sadziwa chimene ndinachita. Anangoti, "Poti njingayi mukuidziwa ndinu, muzipita kukawakweza."

Ndiye Lamulungu lililonse ndimagwada pakhonde lomwe lija, n'kunyamula mwendo wawo kuuwolotsa pachitsulo. Akakhazikika amandiyang'ana pansipo n'kunena kuti, "Akamwini, njinga munasankha bwino."