Mkondo ndi Chishango Zimene Ndinapita Nazo ku Sukulu

Mayi anga anandichenjezapo tsiku lina tikupeta mpunga pakhonde. Anati, "Iwe, munthu akayamikira chinthu chako kamodzi, muthokoze. Akabwerezanso, chinyamule ukachibise, ngakhale munthuyo akhale wovala tayi." Ndinali ndi zaka ngati khumi ndi ziwiri, ndipo ndinkayesa akunena za nkhuku.

Tinkakhala m'chigwa cha Phalombe, nkhondo yaikulu ya Azungu ija itatha zaka zingapo. Kutsindwi kwa nyumba yathu kunali mtolo wa chiguduli, wakuda ndi mwaye. M'menemo munali mkondo, kankhwangwa ndi chishango cha chikopa cha njati. Zinali zida za agogo, amalume awo a mayi anga, amene anatsogolera mbumba yathu wapansi kuchokera kwa Apwitikizi. Kwathu zida zotere sizipita kwa mwana wa mwini wake, zimapita kwa mwana wa mlongo wake, amene adzayang'anire mbumba. Ndiye agogo atamwalira, zinkadikira amalume anga, amene anali pantchito ku Halale. Mayi ankangosunga. Sizinali zawo, sizinali za bambo, ndipo ine ndiye sizinkandikhudza n'komwe.

Ku sukulu yathu ya mishoni kunali aphunzitsi amodzi okha, ochokera kutali, a kabudula woyera ndi masokosi ofika m'mawondo. Tsiku lina anabwera ndi buku la zithunzi, n'kutionetsa ankhondo a ku Ulaya a kalekale, mitundu iwiri. Tsamba lakumanzere linali la munthu wokwera kavalo, atavala chitsulo kuyambira kumutu mpaka ku zala za kumapazi, nkhope yotsekedwa, kungosiya kampata ka maso. Anali ndi mkondo wautali ngati nsungwi yopalasira bwato ku Chilwa, ndi lupanga m'chiuno. Lakumanja linali la anthu amene aphunzitsi anati ndi Avaikingi, oyenda m'mabwato aatali. Iwowa analibe kavalo. Anali ndi nkhwangwa, mikondo, ndi zishango zozungulira za matabwa zokhala ndi kachitsulo pakati. Aphunzitsi anati malaya a tiunyolo ndi lupanga ankakhala nazo olemera okha, enawo ankangodalira chishango ndi miyendo yawo.

Anatifunsa kuti angapambane ndani atakumana. Anzanga onse anati wachitsulo. Ine ndinati zitengera malo. Pouma apambana wa kavalo, koma atakumana kudambo kwathu nthawi ya mvula, wachitsuloyo atitimira ndi kavalo wake yemwe, wankhwangwa angobwera kudzamugogoda ngati akuswa chigoba cha nkhono.

Aphunzitsi anaseka. "Wamva kuti za nkhondo iwe? Anthu a kwanu anabwera kuno ndi makasu ndi njala basi. Zida zawo zinali mipini."

Kalasi yonse inaseka, ngakhale ana amene agogo awo anayenda ulendo womwewo ndi agogo anga. 

M'mawa mwake mayi analawirira kumunda wa mpunga, bambo anapita kukadula milimo yomangira nyumba. Ndinakwera pamtondo, n'kutsitsa mtolo uja, n'kuusenza mpaka kusukulu. Sindinauze munthu.

Nditaumasula, aphunzitsi anasiya choko. Ananyamula chishango, n'kuchigogoda ndi chala, n'kuchiika pafupi ndi chithunzi cha Avaikingi. Anati taonani, cha matabwa nkhwangwa ikachimenya chimang'ambika, koma chikopa chouma chotere chimangobonyoka, komanso n'chopepuka, munthu angathamange nacho tsiku lonse. Anayeza kankhwangwa ka agogo ndi nkhwangwa ya m'buku, n'kunena kuti zikusiyana mpini wokha. Anationetsa pamene wosula anapinda tindevu ta mkondo kuti ukalowa usatuluke. Phunziro linali labwino, sindinganame. Ine ndinkangonyadira.

"Zabwino izi," anatero. Kenako, akusisita chikopa chija, "Zabwino zedi izi."

Ndinamva bwinobwino kachiwiriko. Koma mwana wasukulu angalande chinthu m'manja mwa aphunzitsi? Atandiuza kuti ndikulunge ndiwapatse, kuti zigone mu ofesi mpaka Lachisanu Mzungu woyendera masukulu adzaone, ndinachita monga anandilelera. Ndinagwada, n'kupereka ndi manja awiri.

Madzulo mayi anaona mwaye pamtondo, anayang'ana kutsindwi, n'kuyang'ana ine. Sanandimenye. Anangouza bambo kuti mawa akatenge katundu wa eni ake.

Apa ndi pamene ndimakwiya kwambiri, ndipo bambo anga, ngakhale anagona kalekale, sindinawakhululukire. Bambo anali mkamwini wofatsa, woopa aliyense wodziwa kulemba. Kwa munthu wolemekezeka sunkapita chimanjamanja, ndipo sunkafikira kunena chimene wabwerera. Ndiye anagwira tambala wathu wofiira, n'kupita naye, ine ndili pambuyo. Anakhala pansi, aphunzitsi pampando. Anakamba za mvula. Anakamba za mbalame zimene zinkatha mpunga. Ankadikira kuti mwini nyumba ayambitse yekha nkhaniyo, monga amachitira munthu wamanyazi.

Aphunzitsi anaiyambitsadi. "Bambo, ndathokoza kwambiri mphatso munatumiza ndi mwana ija. Ndiye mwaonjezanso tambala? Mwandilemekeza."

Ndinawayang'ana bambo. Anaweramitsa mutu, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono. "Zikomo, aphunzitsi."

Panjira ndinawafunsa chifukwa chake sananene. Anati, "Ukanafuna ndiwatsutse pakhomo pawo? Tidzapitanso, nkhani sithera tsiku limodzi."

Lachisanu Mzungu uja anabwera pa njinga yamoto. Ndinaona ndi maso angawa aphunzitsi akumupatsa mtolo uja, akumwetulira mano onse, Mzunguyo n'kuumangirira kumbuyo ndi chingwe, mkondo utatulukira mbali zonse ziwiri. Sanafunse kuti ndi za yani. Analowera njira ya ku Mulanje, fumbi lili koboo.

Loweruka mayi anapita okha, opanda nkhuku, opanda moni. Analankhula Chilomwe chathu chokhachokha, ine ndikumasulira, mawu ena ndikuwameza chifukwa anali oopsa. Aphunzitsi sanadzuke n'komwe pampando.

"Mayi, mwana wanu anagwada, anapereka ndi manja awiri, ana onse anaona. Amuna anu anabwera kudzatsimikiza ndi tambala. Lero mukuti ndinaba? Komanso zinthu zachikunja zija zikanakuthandizani chiyani? Kumene zapita akazisamala kuposa kutsindwi kwanu."

Mayi anandiuza kuti ndiwafunse ngati pali mwana m'dziko muno amene amapatsira wamkulu chinthu ataimirira. Ndinafunsa. Aphunzitsi anati alibenso nthawi yolankhula nafe. Sukulu ndinalekera pomwepo, mayi sanandilolenso, ndipo kulemba kumene mukuonaku ndinakatsiriza ndili ndi ana kale.

Patapita zaka ziwiri amalume anabwera kuchokera ku Halale. Mayi anali asanawalembere, ankati nkhani yotere siyenda pa kalata. Anafulula mowa, mbumba yonse inasonkhana pabwalo kuti amalume alandire zida za amalume awo. Akuluakulu atati mtolo utsike, mayi anagwada pakati pa anthu n'kufotokoza zonse, osabisa dzina langa.

 Amalume anati, "Achemwali, ndinakusiyirani chinthu chimodzi chokha. Ndiye mbumbayi ndiziyang'anira ndi chiyani, chipande?" Anthu ena anaseka, koma iwo sanaseke. Anadzuka osalawa mowa, n'kupita kumudzi kwa akazi awo.

Sanapondenso pakhomo pathu. Pamene ndinkakwatiwa anakana kukhala ankhoswe anga, tinachita kupempha munthu wa mbumba ina, ngati ndine mwana wotola panjira. Pamaliro a mayi anakhala patali, pansi pa mtengo wa mango, n'kuchoka tisanabwere kumanda. Ana a abale athu anakula akumva kuti ine ndi uja anagulitsa zida za agogo kwa Mzungu. Kugulitsa. Ndinalandira chiyani ine? Adzukulu awo amadutsa pamsewu apa pa njinga, ena sadziwa n'komwe chimene anandidera, amangodziwa kuti kunyumba ija sitipitako. Aphunzitsi aja ndinamva kuti anawakweza pantchito, anakamwalira ali munthu wolemekezeka, kwaya ikuimba.

Tsopano ndatsala ndekha. Ana anga awiri anatsogola, wotsalayo ali kutauni ndipo amabwera akafuna. Miyendo yatupa, kuchitsime ndimafika popuma katatu. Sindikupempha ufa, ndipo amene abwere ndi mapepala oti ndidindepo chala abwerere pamsewu pomwepo. Ndikungoti inu amene mwawerenga izi, ngati muli a kuno, mukamapita kumsika muziponyako diso. Nyumba yanga ndi ya pafupi ndi chulu, ya chitseko cha malata. Muziodira muli kutali, munene kuti ndinu mwana wa yani, ndiyambe ndakuonani pazenera. Koma mukapeza dzuwa lafika pamutu chitseko chili chotseka, mbuzi ikulira m'khola, musadikire kuti ndiyankhe. Kankhani mulowe.