Ankanditcha Mwana wa Korona

Chimkuzamawu cha amayi chinali chofiira, chong'aluka kumlomo, ndipo chogwirira chake anachikulunga ndi mphira ya chubu cha njinga. Chinkadya mabatire akuluakulu anayi. Chinkakhala pamwamba pa kabati, chofunditsidwa kansalu koyera, ndipo ine sankandilola ngakhale kuchipukuta fumbi. Anawapatsa ndi alangizi a zaumoyo a pa chipatala chathu chaching'ono, mwezi womwe sukulu zinatsekedwa chifukwa cha korona. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 7.

Mudzi wathu uli m'mapiri, kumalire a Dowa ndi Ntchisi. Wailesi anali nazo anthu owerengeka, ndipo foni inkagwira pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu chachikulu cha kuseri kwa tchalitchi. Choncho nkhani za matendawo zinkafika kwathu kudzera pakamwa pa amayi. Iwo sanali namwino. Sukulu analekezera Sitandade 5. Anali odzipereka chabe m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, ntchito yopanda malipiro imene ena onse anaithawa matendawo atamveka. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, kotero m'nyumba tinkakhala awiriwiri.

Inali nyengo ya chisanu. M'mawa nkhungu inkadzaza m'zigwa moti mitu ya mapiri inkaoneka ngati ikuyandama. Mame ankanyowetsa chitenje mpaka m'mawondo, ndipo mudzi wonse unkanunkhira mtedza wokumbidwa kumene. Nthawi imeneyo amayi ankakwera pa chulu paja, n'kutsokomola kaye kamodzi, kenako mawu awo n'kukagunda phiri la kutsidya n'kubwerera.

"Mwadzuka bwanji abale? Sambani m'manja ndi sopo. Sikelo ya ana ili Lachitatu pansi pa mkuyu, muzibwera ochepaochepa. Amene akutsokomola ndi kubanika asabisale."

Mawu amenewa ndikhoza kuwanena ngakhale mutandidzutsa kutulo.

Poyamba anthu ankangoseka. Ankati amenewo ndi matenda a anthu okwera ndege, ife a kumapiri chimfine tinachizolowera. Amayi anamanga mpondagiya pakhomo pathu, kagaloni ka madzi kopachika pa mitengo kamene ukaponda kamtengo pansi kamapendekeka n'kukuthira madzi m'manja. Ana a m'mudzi anakasandutsa choseweretsa. Amayi anasokanso timasiki ndi chitenje chawo chakale cha maluwa achikasu n'kugawira okalamba, ndipo agogo ena anakamangira fodya wawo wa m'mphuno m'menemo. Dzina la Amayi a Korona linayamba nthawi imeneyo, koma linali la nthabwala. Ngakhale amayi ankaseka nawo.

Nthabwala inatha aphunzitsi atadwala.

Anali aphunzitsi athu a masamu, ndipo ankakhala okha m'nyumba ya pasukulu chifukwa banja lawo linali kwawo. Anapita ku maliro ku Lilongwe, n'kubwerako pa minibasi. Patatha sabata amayi anazindikira kuti kukhitchini kwawo sikukutuluka utsi. Anaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, anavala kamasiki, n'kundiuza kuti ndiime patali, pa golo ya bwalo la mpira. Ngakhale pamenepo ndinkamva chifuwacho, ngati munthu akucheka thabwa lonyowa. Amayi analankhula nawo pawindo. Aphunzitsi anati chakudya sakuchimva kukoma, ndipo ngakhale sopo sakumumva fungo.

Masiku atatu amayi ankasiya phala pakhomo n'kugogoda. Tsiku lachinayi aphunzitsi ankalephera kumaliza mawu, ankaima pakati kuti apeze mpweya. Amayi anathamangira pa chulu n'kuimbira foni alangizi. Masana omwewo ambulansi inakwera msewu wathu wa miyala, ndipo munatuluka anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope zosaoneka. Mudzi wonse unkasuzumira kuseri kwa nkhokwe. Palibe amene anayandikira, kupatula amayi, omwe anawanyamulira aphunzitsi bulangete ndi magalasi awo.

Dzuwa lisanalowe, nkhani inali itazungulira kale. Chaka chimenecho anthu anali ndi mantha kale ndi mphekesera za anamapopa, ndiye aliyense wovala zachilendo ankakayikiridwa. Ankati amene watengedwa ndi galimoto imeneyo sabwerera, amamubaya jakisoni n'kumukulunga m'pulasitiki, abale osaona nkhope. Ankati amayi awagulitsa aphunzitsi.

M'mawa mwake kunabwera amalume, achimwene awo a amayi, omwe ndi eni mbumba yathu. Anakana mpando. Anaima pabwalo, chipewa chili m'manja, akuchipindapinda. Amayi anali pamphasa akuswa mtedza.

"Mlongo wanga, kabwezeni chinthucho kwa eni ake. Anthu akupangana zoipa. Muli ndi mwana inu."

"Ndamva, achimwene," anatero amayi, manja osaleka kuswa. "Koma tsiku limene mudzabanike inu, ndidzaitana galimoto yomweyo."

Amalume anachoka osatsanzika. Kwa zaka ndithu ndinkawaona ngati munthu wamantha. Lero sindingatero. Iwo anali ataona ndi maso awo nyumba ya munthu wina itasanduka phulusa kumudzi wa kutsidya chifukwa cha mphekesera yocheperapo kuposa imeneyi, ndipo mlongo anali naye mmodzi yekha.

Ine zinandipeza ku mjigo. Ndinali pamzere ndi ndowa yanga, ndipo nthawi yanga itakwana ndinagwira chitsulo kuti ndipope. Mkazi wa mwini golosale ya m'mudzi mwathu, mayi wamtali wa mawu akuthwa, anabwera n'kuimenya theche ndowayo. Inagubuduka m'matope.

"Choka apa, mwana wa Korona iwe! Amako agulitsa aphunzitsi, mawa agulitsa ndani?"

Kenako anatunga madzi n'kutsuka chitsulo pomwe ndinagwira, akukwecha ndi mchenga kuti aliyense aone. Ndikakumbukira pano ndimaseka pang'ono, chifukwa kutsuka chitsulo cha mjigo ndi zomwe amayi ankalalikira mwezi wathunthu popanda wowamvera. Koma tsiku limenelo sindinaseke. Azimayi ena anayang'ana pansi, ena anaseka. Mnzanga amene tinkasewera naye phada tsiku lililonse anatembenuka n'kumakonza nkhata yake ngati sakundidziwa.

Ndinafika kunyumba ndi ndowa yopanda kanthu. Amayi anali kudimba. Ndinakwera pa mpando, ndinatsitsa chimkuzamawu chija, ndinachitsegula kumbuyo, ndinatulutsa mabatire onse anayi. Anali ozizira ndi olemera m'manja. Ndinapita nawo kuchimbudzi n'kuwaponya limodzilimodzi, ndikumvetsera lililonse likamafika pansi. Ndinkaganiza kuti chinthucho chikakhala chete, anthu atiiwala.

M'mawa amayi anadina batani, koma chinangoti zii. Anachigwedeza, anachitsegula, anasuzumira m'kati. Kenako anandiyang'ana. Anachibwezera pa kabati, anachifunditsa, anamanga mpango kumutu n'kutuluka. Mabatire ena ankayembekezeka kubwera ndi alangizi kumapeto kwa mwezi, ndipo ku golosale anali atanena kale kuti ife asatigulitse ngakhale machesi.

Ndinawamva ndili m'nyumba. Anali atakwera pa chulu, manja ataika kukamwa, akukuwa ndi pakhosi pawo. Mawuwo sankafikanso kuphiri la kutsidya. Ankathera pa nyumba zoyandikana, ndipo akatha ankatsika n'kukaima pa mphambano, n'kubwereza, kenako pa bwalo la mpira. Anatero masiku atatu m'mphepo ya chisanu ija. Ine ndinkadya phala mutu uli pansi.

Tsiku lachinayi anadzuka opanda mawu. Akatsegula pakamwa pankangotuluka mpweya. Ndipo tsiku limenelo ndi limene anali ndi uthenga weniweni, chifukwa alangizi anali ataimba foni dzulo lake madzulo. Anamwa madzi otentha a mandimu, sizinathandize. Anamangabe mpango. Ulendo uno ndinawatsatira.

Titafika pa chulu tinapeza anthu alipo kale, ambiri kuposa masiku onse. Anali atamva kuti Amayi a Korona atha mawu, ena n'kumati ndi chilango. Anyamata angapo anali ndi zibuma za dothi m'manja. Amayi anakwera, anaika manja kukamwa, anayesa. Panatuluka kamawu ngati ka mwana wa mphaka. Anthu anaphulika ndi chiseko.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza chiyani. Ndimangokumbukira udzu wonyowa ukundiyabwa m'miyendo ndikukwera. Ndinaima pafupi nawo n'kunena kuti, "Ndiuzeni, ndinena ine." Anandiyang'ana kanthawi, kenako anawerama n'kundinong'oneza kukhutu. Mpweya wawo unkanunkhira mandimu.

"Aphunzitsi ali moyo!" ndinakuwa. "Awachotsa pa makina a mpweya! Dzulo adya okha!"

Chiseko chinaduka. Amayi ananong'onezanso.

"Akupereka moni! Akuti nkhuku zawo anasiya zisanu ndi ziwiri, ndipo akabwera adzaziwerenga!"

Wina kumbuyo anafuula kuti ndi bodza, awauza zonena. Chibuma chinauluka n'kundiphulikira paphewa, dothi linandilowa m'kamwa. Sichinapweteke kwambiri. Ndinalavula dothilo, ndipo zomwe ndinanena kenako sanandinong'oneze munthu.

"Inde, ndine mwana wa Korona! Mawa ndibweranso! Sambani m'manja!"

Apo m'pamene ndinaona amalume. Anachokera kumunda, khasu lili paphewa, anadutsa pakati pa anthuwo n'kuima m'munsi mwa chulu, msana kwa ife, nkhope kwa anyamata aja. Anangoima. Zibuma zinagwa pansi chimodzichimodzi, ndipo anthu anayamba kukumbukira kuti ali ndi ntchito kwawo.

Tikubwerera ndinawauza amayi kuti mabatire ndinataya ndine. Anandisansa dothi paphewa n'kunong'ona kuti, "M'nyumba muja tilimo awiri."

Ndinakhala pakamwa pawo sabata yathunthu, mpaka mawu awo atabwerera.

Aphunzitsi anabwerako patatha milungu itatu, pa kabaza. Anali atawonda moti malaya ankangolendewera. Anauza wakabaza kuti awatsitse pa golosale, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kusukulu anayenda pansi, pakati pa mudzi, akuima nyumba iliyonse kupereka moni ndi kupeza mpweya. Nkhuku anapeza zisanu. Palibe munthu amene anabwera kwathu kudzapepesa. Timipondagiya tinangoyamba kumera m'makomo mwakachetechete, ngati bowa, ndipo aliyense ankachita ngati anaganiza yekha. Ndisakunamizeni kuti zonse zinatha bwino. Kumudzi wa kumtunda anabisa mkulu wina m'nyumba mpaka anamwalira, ndipo amayi analira ngati ndi m'bale wawo.

Ine sindinkafuna zakachetechete. Ndinkafuna kuti amayi apite ku mjigo, aime pamaso pa mkazi wa mwini golosale uja, amufunse ngati amene wadutsa apayu ndi mzukwa. Ndinawauza kangapo. Ankangoti, "Katunge madzi."

Masana ena, pobwera ku chipatala komwe ankakasiya malipoti, amayi anatenga dengu la mpiru n'kunena kuti akupita kudimba. Dimba lathu lili kumunsi, koma iwo analowera kumtunda. Ndinawatsatira chapatali, m'mapesi a chimanga. Anazungulira kuseri kwa golosale, kumene kuli bafa la udzu, n'kutsokomola kawiri. Mayi uja anatuluka. Anayang'ana uku ndi uku. Amayi anapisa dzanja pansi pa mpiru n'kutulutsa kanthu kokulunga m'nsalu, ndipo pomupatsa ndinamva kakulira ngati timiyala m'kachitini. Iye anakabisa m'chiuno mofulumira. Sanapereke moni, sanathokoze. Anangogwira dzanja la amayi kanthawi kochepa, nkhope atayang'ana kumbali, n'kulowa.

Amayi potembenuka anandiona. Anabwera molunjika n'kundigwira pamkono mwamphamvu, ndipo aka kanali koyamba nyengo yonseyo kuwaona atakwiya.

"Zimene waonazi sunazione. Wamva?"

Lero ndikuphunzira unamwino, ndipo kulira kuja kwa mapiritsi m'botolo ndimakudziwa ngakhale nditatsinzina. Anali mankhwala otalikitsa moyo. Mayi uja ankaopa kuponda pa chipatala chifukwa cha mphekesera zomwe iye mwini ankafalitsa, ndipo anapempha amayi kuti azimutengera, mogwirizana ndi alangizi, kuyambira mwezi womwe sukulu zinatsekedwa. Tsiku limene anamenya ndowa yanga, m'mimba mwake munali mapiritsi obwera m'dengu la amayi. Mwina ankakuwa kuposa onse kuti wina asaganize kuti pali chimene chimawalumikiza. Mwina anali ndi mantha basi. Anasamuka kwathu kalekale, n'chifukwa chake ndatha kulemba izi, komabe dzina lake simulimva kwa ine. Amayi akanangonena mawu amodzi pa mjigo paja, mayiyo sakanadzatukulanso mutu m'mudzimo. Amayi anali nawo mawuwo tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene anakwera pa chulu opanda mawu.

Koma masana amenewo ine zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkaganiza kuti amayi akugula chibale kwa munthu amene anatinyoza, kuti pomaliza nawonso agonja. Ndinakana kunyamula dengu. Ndinatsogola njira yonse ndikuponda mwamphamvu, misozi ya mkwiyo ikundiwotcha m'maso, ndikudziuza kuti m'nyumba mwathu wolimba mtima watsala ndine ndekha.