Zuze wa mu Filimu ya Nkhondo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene atate anasamutsidwira ku Rufunsa, deralo litangokhazikitsidwa kumene kukhala boma. Anali kalaliki, ndipo chonyadira chathu chinali laputopu yakale imene tinkatchaja pa sola. Akapita ku Lusaka ankabwerako ndi mafilimu a nkhondo, ena ochita kusewera, ena ojambulidwa pankhondo yeniyeni. Ine ndinali mtsikana wapakamwa. Ndikaonera filimu Lamlungu, pofika Lolemba sukulu yonse inkadziwa yoyenera kuonera ndi yongotayitsa nthawi. Chingerezi ndinkangomva cha apo ndi apo, koma pofotokoza ndinkakometsera mpaka munthu kumva fungo la wonga.

Mnzanga wapamtima anali Tisa. Amayi ake, Ba Rozina, ankagulitsa tomato ndi nthochi m'mbali mwa msewu waukulu. Anabadwira ku Mozambiki, kufupi ndi Zumbo, ndipo anathawa nkhondo ali kamtsikana. Tisa anandiuzapo kuti mlongo wa amayi akewo, Zuze, anatengedwa ndi anthu amfuti akukatunga madzi, ndipo sanaonekenso. Anali ndi chipsera pamwamba pa diso.

Tsiku lina ndinatsegula filimu yatsopano, ya nkhondo yeniyeni. Mzungu ankafotokoza m'Chingerezi, koma anthu a mufilimumo ankayankhula Chipwitikizi. Panadutsa lole yodzaza anyamata onyamula mfuti, ndipo mmodzi anacheuka. Pamwamba pa diso panali chipsera. Sindinadikire n'komwe, ndinathamangira kumsewu opanda nsapato.

"Ba Rozina, mufunika mutambe filimu ya atate," ndinatero ndili wefuwefu. "Muli ba Zuze."

Anaphimba tomato wawo ndi saka n'kunditsatira. Mpando anaukana, anakhala pansi. Nditaimitsa chithunzi pa mnyamata uja, anagwira galasi ndi chala, nasiyapo fumbi la kumsewu. Kenako anandifunsa zimene mzunguyo ankanena. Ndinayankha kuti akuti kumeneko ndi ku Tete. Liwu limenelo sindinalimve mufilimumo ayi. Ndinangoona kuti ndi limene ankalidikira.

"Ni yeve," anatero chapansipansi. "Bwezako futi."

Kuyambira pamenepo ankabwera masana aliwonse. Atate ankakhala ali ku ofesi, ndipo filimuyo anali asanaionere. Amayi ankangoti munthu timusiye alire. Pamsika Ba Rozina ankandiloza kwa anzawo kuti ndine mwana amene ndinawapezera mlongo wawo, ndipo nthochi yabwino inkakhala yanga. Ine mapewa m'mwamba.

Ndinali ndi chizolowezi chotseka filimu mfuti zikangosiya kulira. Tsiku lina ndinaiwala, inapitirira yokha ine ndikusenda mbatata. Kumapeto kunatuluka mapu ndi malemba, ndipo dzina limene ndinawerenga linali Angola. M'mawa mwake ndinakayang'ana pamapu a kusukulu. Dzikolo linali mbali ina, kuchita kudumpha Zambia yense.

Katatu konse ndinapita kumsewu kuti ndikaulule, ndipo katatu konse ndinabwerako ndikudya nthochi. Ndinali ndi mantha, inde. Koma ndisaname, ulemu uja unkandikomanso.

Anthu atakolola chimanga, Ba Rozina anakasiya Tisa kwa azakhali ake ku Mpanshya. Anajambula nkhope ya mnyamata uja pafoni yawo, namanga kachikwama kuti akafunefune Zuze ku Tete. Amayi anayesa kuwaletsa, kuti zaka zapita zambiri. Iwo anangopukusa mutu.

"Ngati anakwera lole ali moyo, ndiye kuti penapake anaseluka," anayankha.

Ndine ndinawanyamulira chikwamacho mpaka poimira mabasi a ku Luangwa, kumalire a Mozambiki. Tinadikira nthawi yaitali padzuwa, phula likununkha. Basi itafika anandigwira kumutu n'kundidalitsa.

Anaimba foni kawiri, koyamba ali ku Zumbo, kachiwiri ali m'njira ya ku Tete. Kenako foniyo inasiya kulowa. Amuna awiri a kutchalitchi kwawo anatsatirako, nabwerako chimanjamanja. Kaya anadwala panjira, kaya akuyendabe ndi chithunzi cha mwana wa eni, palibe akudziwa. Tisa anakulira kwa azakhali, ndipo sukulu anailekera panjira.

Lero anzanga akandifunsa filimu yabwino yoonera, ndimati sindidziwa. Ndinkaganiza kuti kulakwa kwanga kunali liwu lija la Tete, koma limenelo linali la mwana wopusa, ndipo likanakonzeka. Chimene chinachotsa mayi pakhomo ndi kukhala chete kwanga nditadziwa. Ndazindikiranso, mochedwa, kuti choonadi chili ndi nyengo yake. Ikadutsa sichichiritsa munthu, chimangomulanda kochepa kamene watsala nako.

Mwezi watha Tisa anandiimbira. Ali ndi mwana wamwamuna tsopano, ndipo anamutcha Zuze. Anandifunsa ngati filimu ija ndikadali nayo, kuti mwanayo adzaone nkhope ya mwini dzina. Anawonjezera kuti chimene chimamutonthoza n'choti amayi ake sanapite pachabe, anapita akudziwa kumene akupita.

Filimuyo ndinali nayo. Ndinadula kumapeto kwake, n'kumutumizira.