Malemba Obiriwira a Che Amadu

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mlamu wanga, telala amene ankasokera pakhonde la shopu ina ya masipeya a injini za maboti ku Mangochi. Anauza mwini shopu kuti pa kompyuta ndine katakwe. Chikhalirecho ndinali nditangophunzira miyezi itatu, koma ndani angatsutse mlamu wake pamaso pa bwana?

M'shopumo munali Che Amadu, bambo wa imvi amene anayamba kusunga masipeya ine ndisanabadwe. Msodzi akabwera ndi pulagi yopsa kapena pulopela yothyoka, iwo ankangoyang'ana kamodzi n'kutayipa nambala yake pa kompyuta yakale yachimimba kumbuyo, ya sikirini yakuda ndi malemba obiriwira. Malemba akayamba kunjenjemera, ankaiwomba khofi m'mbali ndipo inkamva.

Sabata yanga yachitatu, kompyutayo inafuka utsi n'kuzimiratu. Bwana anagula yatsopano yopyapyala, ine n'kuikamo pulogalamu ya masipeya, yomwe imayenda m'kawindo ka malemba okhaokha kotchedwa teminolo. Zonse zinkagwira, koma kuwala koyera kunkawatulutsa misozi Che Amadu. Ndinasintha mitundu, osathandiza.

"Mwanangu, timalemba iti taonda ngati usipa," anatero.

Lachinayi anapatsa asodzi a ku Makanjira gasiketi yolakwika, ndipo anthuwo lole inawasiya chifukwa chobwerera kudzasinthitsa. Bwana anandiitanira pambali. "Mawa zikachitikanso, madala akapume. Pampandopo ukhala iweyo."

Zinandiwawa. Che Amadu ankandigawira mandasi m'mawa uliwonse, komanso ine sindinkasiyanitsa pisitoni ndi kabuleta.

Lachisanu masana, iwo atapita kukaswali ku mzikiti, ndinalowa pa intaneti. Ndinalemba m'Chingerezi changa cha ku sekondale kuti ndikufuna teminolo yooneka ngati ya makedzana. Kani alipo anthu padziko amene amazisowa zimenezi mpaka kuzipanga zaulere. Mwa zimene ndinapeza, ziwiri zinakana kulowa mu kompyuta, yachitatu inalola. Ndinasankha mtundu wobiriwira, ndinanenepetsa malemba kuti aziyaka ngati makala, ndinapinda makona a sikirini, ndinaika timizere tosaoneka bwino ngati ta pa sikirini yakale ija. Pofuna kuti ifanane ndendende, ndinayatsanso kunjenjemera.

Che Amadu atabwera anaima pakhomo, kofiya ali m'manja.

"Alihamudulilai. Mwamudzutsa bwanji mnzanga?"

Anakhala pansi, zala n'kuyamba kuthamanga zokha. Msodzi wina asanamalize kufotokoza vuto la injini yake, sipeya inali kale pakauntala. Bwana ankangoyang'ana.

Kenako malemba ananjenjemera, ndipo dzanja linachita zomwe linazolowera. Khofi lija linali la kompyuta yolemera ngati thumba la simenti. Yopyapyalayi inanyamuka, ine n'kuiwakha pachifuwa isanafike pansi. Bwana anaseka mpaka anakhala pa katoni ya oyilo, ndipo za kukapuma sanazitchulenso.

Kulakwa kunali kwanga, chifukwa ndinakopera ndi matenda omwe. Koma nditazimitsa kunjenjemerako, Che Amadu anakana. "Bwezerani pang'ono, ikuoneka ngati yakufa." Choncho tinamanga phazi la sikiriniyo patebulo ndi masikuluu awiri a injini.

Anagwira ntchito zaka zina zinayi, ndipo anapuma okha, tsiku limene anasankha. Kuyambira pamenepo, ndisanasinthire munthu chida, ndimayamba ndaona mmene maso ndi manja ake anazolowerana ndi chakalecho. Ndipo sikirini iliyonse ya munthu wamkulu ndimaimanga ndi masikuluu.