Chitsulo Chimene Ndinachotsa pa Thirakitala Yanga

Inu owerenga, akazi anga analumala chifukwa cha ine. Sindinawamenye ayi, ndipo sindinawafunirepo choipa. Ndinangomvera mtima wanga wokayikira anthu, ndipo mtima umenewo ndi umene unawathyola mwendo ndi chiuno. Ndikuuzani m'mene zinayendera, mwina wina amene ali pa chikamwini ngati ine atolapo kanthu.

Kwathu ndi kwa Mphuka, koma ndinakakwatira kwa Khwethemule, m'mudzi wochita malire ndi esiteti ina ya tiyi. Monga mwa mwambo wathu ndinamanga kuchikazi. Munda wa tiyi umene tinkalima unali wa akazi anga, amake Chikondi, ndipo mwini mbumba anali achimwene awo, alamu anga a Waisoni, amene ankagwira ntchito ku galaja ya esitetiyo. Anali munthu wa Sabata weniweni, wosamwa, wosaseka wamba, woti akakuyang'ana umaona ngati akukusaka cholakwa. Ine ndinkakhulupirira kuti bambo amenewa sakundifuna pamudzi pawo. Umboni ndinalibe, koma ndinkagona nazo n'kudzuka nazo.

Nthawi ija mafoni a m'manja atangoyamba kuoneka kumudzi, esiteti inagulitsa katundu wake wakutha. Ndinagulako kathirakitala kakang'ono kamene kale kankatchetcha kapinga pa nyumba za mabwana. Ndinakamangirira ngolo n'kumanyamula masamba a tiyi, athu ndi a anzathu, kupita nawo ku shedi kumene amayeza pa sikelo. Koma pakati pa mudzi ndi shedi pali chitunda, ndipo kainjini kake kanali kofooka. Kakafika pakati pa chitundacho kankatsokomola n'kuzima. Ndiye akazi anga ankabwera pambuyo pa ngolo atanyamula mwala, kuti kakazima auike msanga kuseri kwa tayala, ngolo isabwerere. Azimayi othyola tiyi ankatiseka, ati thirakitala ya akamwini imayendera mwala, petulo ndi wongokometsera. Ndinkaseka nawo, koma m'kati zinkandiwawa koopsa.

Tsiku lina ku Bvumbwe ndinapeza makaniko wina akugulitsa injini ya pampu yothirira mbewu, yamphamvu kuposa yanga kutalitali. Anandilonjeza kuti akaiika, chitunda chija ndizikwera ndikuimba mluzu. Nditawauza alamu, anakanitsitsa. Anati kathirakitalako n'kopepuka, kanapangidwira kapinga basi, ndipo mphamvu ikachuluka pamtunda matayala akumbuyo amagwira dothi, mphuno n'kudzuka m'mwamba. Anandilangiza kuti ndizichepetsa katundu, ndiziyenda maulendo awiri.

Maulendo awiri, ine! Pamenepo ndinakumbukira kuti mnzawo wa alamu wina wa kutchalitchi anali atangogula kapikapu, ndipo naye ankafuna kunyamula masamba omwewo. Ndinati ehe, nkhani ndi imeneyi. Akufuna ndikhalebe wosekedwa, mnzawoyo atenge ntchito, kenaka tsiku lina adzanene kuti mkamwini uyu alibe phindu, azipita kwawo.

Ndinasankha Loweruka dala, podziwa kuti pa Sabata alamu ndi banja lonse amatandala kutchalitchi mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinanamizira mutu n'kutsala. Makaniko uja anabwera ndi mabotolo ake a gasi owotcherera. Injini sinkakwana, choncho anadula chitsulo cholemera chimene chinali kutsogolo kwa thirakitala, n'kuisunthira injiniyo m'mbuyo pang'ono. Nditamufunsa ngati chitsulocho chinalibe ntchito, anati azungu amangoika zinazi kuti mtengo ukwere. Anthu pobwera kopemphera anapeza zonse zatha. Alamu anazungulira thirakitala kamodzi, Baibulo lili kukhwapa, osanena kanthu. Kukhala chete kwawoko ine ndinakutenga ngati nsanje.

Masiku oyamba ndinadyerera. Chitunda ndinkakwera ngolo itadzaza, osafunanso munthu wa mwala, ndipo azimayi aja anasiya kuseka. N'zoona kuti pamalo otsetsereka kwambiri chiwongolero chinkapepuka m'manja ngati sichinagwire kanthu, koma ndinkati ndi mphamvu ya injini yatsopano.

Kenaka ndinayamba kuona zinthu. Akazi anga ankakhalitsa kwa achimwene awo madzulo. Ndikawapeza akunong'onezana pakhonde, nkhani inkasintha, n'kuyamba kukamba za feteleza. Ndiye m'mawa wina nditatsegula kakhumbi kamene ndinkasungamo thirakitala, ndinapeza chidutswa cha njanji, chadzimbiri, cholemera kwabasi, chitamangidwa ndi mabawuti kutsogolo. Pansi panali mapazi a jombo za pa esiteti. Loko anali wosathyoledwa, ndipo kiyi ankakhala pa msomali kuchipinda kwathu. Kodi inu mukanaganiza chiyani? Ine ndinaona kuti mdani ali m'nyumba momwe. Nditawafunsa akazi anga, anangoti chitsulo sichidya petulo, ndichisiye pomwepo.

Nkhaniyi ndinakaitula pamowa, kumene sindikanayenera kupita nayo. Mkulu wina anapukusa mutu, amvekere pa njanji sitima imapondapo anthu, ndipo akafuna kumanga bizinesi ya munthu kuti isayende amatenga chitsulo chotere. Wina anawonjezera kuti a tchalitchi ndiwo amakhwima mobisa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwirapo sipanala, koma mawu awo anagwirizana ndi zimene mtima wanga unkafuna kumva. Pobwerera ndinamasula chitsulocho n'kuchigubuduzira kudzenje la zinyalala.

Inali nyengo ya dzinja, tiyi ataphuka kwambiri, ndipo m'mawa mwake kunali kutagwa mvula. Ndinapakira matumba a masamba mpaka ngolo kuchita phiri. Akazi anga atatuluka anayang'ana kutsogolo kwa thirakitala, nkhope n'kugwa.

"Bambo, chitsulo chija mwachotsa?" anafunsa.

"Kawauzeni achimwene anu kuti mankhwala awo sanagwire," ndinawayankha.

Anamanga chitenje m'chiuno, n'kutola mwala m'mbali mwa njira, n'kuyamba kutsatira ngolo monga kale. Ine ndinapsa mtima, poganiza kuti akufuna kundichititsa manyazi pamaso pa anthu, kuwaonetsa kuti thirakitala yanga ikadali ya mwala. Ndinati lero awona.

Pakati pa chitunda matayala anayamba kuterera m'matope. M'malo moima, ndinakankha mafuta onse. Matayala akumbuyo atapeza pouma anagwira mwadzidzidzi, ndipo ndinangoona mphuno ya thirakitala ikukwera, mitengo ya bulugamu ikuoneka pansi pa injini. Ndinalumpha n'kugwera m'mizere ya tiyi. Thirakitala inagwa chagada pampando pomwe ndinakhala, chitsulo cholumikiza ngolo chinathyoka, ngolo n'kuyamba kubwerera. Akazi anga sanathawe. Anathamangira kuika mwala, osaona kuti ngoloyo yaduka kale, poopa kuti ikokera thirakitala pa ine. Mwala unaterera m'matope, ndipo tayala linawadutsa pantchafu.

Kulira kumene ndinamva tsiku limenelo sikunandichokebe m'makutu. Ine ndinatuluka ndi zokanda za nthambi basi. Amene anawatengera akazi anga ku chipatala cha mishoni ndi bambo a kapikapu aja, amene ndinkawayesa adani, ndipo alamu anakhala kumbuyo atawagwirira achemwali awo mutu njira yonse.

Atayamba kupeza bwino ndinawafunsa ngati kiyi uja anapereka ndi iwo. Anavomera. Anati pothyola tiyi m'munda wa m'mbali mwa chitunda ankaona matayala akutsogolo akusiya dothi ndikamakwera, zimene ine wokhala pampando sindinkaziona. Anapita kwa achimwene awo akulira, kuti achitepo kanthu asanakhale wamasiye. Alamu poyamba anakana kugwira katundu wa mwini, koma atawachonderera anakapempha chidutswa cha njanji ku galaja n'kudzachimanga kuti chizipanikiza mphuno pansi. Zonong'onezana zija zinali zimenezi. Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze poyera.

"Ndikanakuuzani kuti zachokera kwa achimwene, mukanamva?" anatero.

Zoonadi, sindikanamva.

Mwendo unalunzika mokhota, ndipo madokotala ananena kuti zosenza dengu kumsana ndi zokwera mapiri aiwale. Atatuluka m'chipatala, abale awo anaitanitsa ankhoswe. Azakhali awo ndi achemwali awo onse ankati ndilongedze, ndawonongera mwana wawo moyo. Ndinakhala pansi mutu uli pakati pa mawondo, ndikudikira kuti alamu amalize zimene ndinkati akhala akuzifuna zaka zonse. Iwo ndiwo anayankhula pomaliza.

"Alamu angawa sapita kulikonse," anatero. "Analakwa, koma achemwali anga akuwafunabe. Dengu lawo azisenza ndi iwowa."

Munthu amene ndinamuda, n'kumunenera za ufiti pamowa, ndiye anandisunga pamudzi. Ndinalira pamaso pa apongozi, manyazi onse atatha.

Thirakitala ndinagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Lero ndimathyola tiyi m'mizere ya akazi anga, dengu lili kumsana, pakati pa azimayi omwe aja, ndipo palibe amandiseka.

Inu owerenga, makina alionse anapangidwa ndi muyeso wake. Musaike injini yaikulu m'thupi laling'ono chifukwa choti anthu akukusekani, ndipo wogulitsa akamadula chitsulo n'kumati chilibe ntchito, kafunseni kwa wina amene sakugulitsani kanthu. Inu amuna anzanga a pa chikamwini, si mlamu aliyense wokukanizani chinthu amene akufuna kukuthamangitsani. Mukaona akazi anu akunong'onezana ndi abale awo, afunseni mofatsa kunyumba, osati kukafunsa pamowa. Ine ndinaweruza anthu awiri amene ankateteza moyo wanga, ndipo chilango chake chinagwera wosalakwa.

Akazi anga sanandinyozepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo mwina akanandinyoza bwenzi mtima utapepukako. M'mawa uliwonse ndikamanyamula dengu, iwo ali pakhonde mwendo atautambasula, amandiuza kuti pepani bambo, ndikukuvutitsani.