Utsi m'galimoto ya Armando

Mphuno yanga sinama. Ndiyambe ndi pamenepo, kuti zimene nditi ndivomereze m'munsimu musazitenge ngati ndagonja pa zonse.

Lachiwiri lapitali mwana wanga Armando adatinyamula pa galimoto yake yatsopano kuchoka kwathu ku Chipera kupita ku Fingoe. Yatsopano ndithu, mapulasitiki akali pamipando. Adaigula ku Tete atagulitsa thonje la zaka zingapo ndi ng'ombe zimene mpaka lero ndimazilira. Ulendowo udali wa mkazi wake Selestina, make Rozita, amene ndi woyembekezera ndipo lidali tsiku lake la konsulta, lokapimidwa kuchipatala. Ine palibe adandiitana. Koma mwana amene ndidamuona ndi maso anga akugwera m'ngalande ndi njinga, ndingamusiyire mpongozi ndi chiwongolero popanda ine?

Tsono ndili ndi makina osokera, opalasa ndi mwendo, amene tidabwera nawo kuchokera ku Zambia nkhondo itatha. Mutu wake ndidasenza ine, miyendo yake yachitsulo adapachika paphewa malemu amuna anga. Makina amenewa sakhala okha panyumba. Loko ndili naye, inde. Adabwera ndi makiyi awiri. Nanga wogulitsa uja adandilumbirira kuti padalibe wachitatu?

Armando adati tiwasiye kwa mai Felizarda, oyandikana nawo nyumba. Ndidangomuyang'ana, iye n'kukawanyamula. Kumbuyo kwa galimoto sadakwane. Miyendo idatulukira kunja, chitseko chakumbuyo n'kukana kutsekeka, mpata wake wolowa mkono. Tidachimanga ndi mpira wa njinga. Ine ndidakhala kutsogolo monga mwini mwana, Selestina kumbuyo, dzanja limodzi pamakina kuti asagwedezeke.

Kenaka ndidalamula kuti mawindo onse atsekedwe. Kwa Armando ndidati ndi chifukwa cha fumbi. Zoona zake n'zakuti windo lotsegula limaitana wopempha boleya, wofuna kukwera nawo, ndipo wopempha boleya amasuzumira. Mimba si dzungu loti aliyense wamumsewu aliyeze ndi maso. Inde, ndikudziwa, chimene ndimabisa Lachiwiri lero ndachilemba poyera. Ukalamba uli ndi zake.

Titangowoloka kamtsinje kena kouma, fungo lidayamba. Fungo la utsi, ngati waima kumbuyo kwa kamiyau, chigalimoto cha katundu, yokwera phiri.

Mtima wanga udakondwa. Ndikunena zoona. Munthu amene amayembekeza chinyengo tsiku lililonse, akachimva fungo amakhala ngati walandira mlendo amene adamukonzera mphasa kalekale.

Ndidayamba kuzenga milandu. Woyamba adali wogulitsa wa ku Tete: ndidauza Armando kuti am'patsa nkhalamba yodzola mafuta, galimoto ya msinkhu wanga yopakidwa utoto. Atandikumbutsa za mapepala, ndidasamukira kwa anyamata ogulitsa mafuta a galimoto, gazolina wa m'mabotolo, oti amasakaniza ndi za kumtima kwawo. Kenaka ndidakumbukira mai Felizarda. Tsiku limene galimoto idafika, adaizungulira kawiri, n'kuisisita, n'kuyamika katatu. Munthu woyamika katatu mumamudziwa inu? Armando, nkhope itagwa, adayamba kunena zobweza galimoto ku Tete. Ng'ombe zake zonse zimanunkha utsi m'mphuno mwake.

Kumbuyo kudamveka mawu aang'ono.

"Amayi, mutu ukundiwawa. Mwina titsegule pang'ono."

Ndidamuyankha kuti apirire, tikudutsa pamudzi, anthu ali mumsewu. Adati chabwino. Sadabwerezenso. Ine ndidapitiriza mlandu wa mai Felizarda, ndipo ndidali nditafika pa nkhuku yanga imene idasowa chaka chatha pamene Armando adayang'ana pagalasi n'kuponda mabuleki. Selestina adali atatsamira makina, maso ali theka, thukuta lili kamukamu. Titamutulutsa adasanza.

Pomwepo padaima bambo wina wa mota, njinga yamoto, wonyamula zigubu kupita kwa okumba golide. Ine choyamba ndidapanira chikwama kukhwapa. Iye choyamba adathandiza Armando kumugoneka Selestina pamthunzi wa masau, n'kumupepeza ndi chipewa chake. Atamva za fungo, adazungulira galimoto kamodzi kokha. Adaima kumbuyo, n'kuloza paipi yotulutsa utsi, n'kulozanso mpata wa chitseko pamwamba pake penipeni. Adafotokoza kuti galimoto ikamathamanga mphepo imapinda kumbuyo n'kubweza utsi, ndipo ukapeza khomo umalowa. Ukalowa, mawindo ali otseka, utulukira kuti? Amene wakhala kumbuyo ndiye amaumwa woyamba.

"Galimotoyi ilibe mlandu, achimwene. Katunduyu adakweza ndani?"

"Ndine," adatero Armando.

Mwana ndidalera ine ameneyo. Amanama bwino pamene kunama kuli ulemu.

Bamboyo adati makinawo atsike, chitseko chitsekedwe, mawindo atsegulidwe onse, ndipo mayiyo afike kuchipatala msanga chifukwa utsi umene wamwa wamwera awiri. Adaloza nyumba ina chapafupi, pamene mayi wina amapeta mapira pabwalo, kuti makina akhale pamenepo mpaka pobwerera.

Apa ndiye pamene pakundivuta kulemba. Ndidaima. Mulungu andikhululukire, ndidaima. Ndidayang'ana nyumba ija, yopanda ndi chitseko chenicheni chomwe. Ndidayang'ana mayi uja, osamudziwa dzina, osamudziwa mfunda. Sidali nthawi yaitali, koma Selestina adaiona. Adadzutsa mutu n'kunena chapansipansi:

"Asiyeni makina a amayi akhale m'galimoto. Ine ndikwera mota."

Sadanene monyoza ayi. Akadanyoza bwenzi ndikali ndi pogwira. Adanena ndi mtima wonse, munthu wa mimba yaikulu, wosatha kuima, akudzipereka kukhala pakati pa zigubu za gazolina pamsewu wa mabampu kuti chitsulo changa chiyende pamthunzi.

Mpira ndidamasula ndekha. Mutu wa makina ndidasenza ndekha, monga kale, mpaka pakhonde la mayi wosadziwika uja. Adangoti siyani pamenepo, thamangani. Selestina adakhala kutsogolo, ine kumbuyo, mawindo onse pululu. Aliyense wa mumsewu adaona mimba ija. Ena adakweza manja kupempha boleya. Palibe chidachitika.

Kuchipatala namwino adamvetsera nthawi yaitali, ine ndikumuwerenga nkhope ngati kalata. Kenaka adati mtima wa mwana ukugunda bwino, mayiyo apume kaye pamphepo asanabwerere, ndipo akamva chachilendo abwere osadikira tsiku. Adafunsa chifukwa chake sadanene msanga kuti mutu ukuwawa. Selestina adayang'ana pansi. Inenso ndidapeza kanthu koyang'ana pansi pomwepo.

Armando adapitabe ndi galimoto ku ofisina, kokonzera magalimoto. Mekaniko adalowa pansi, adatuluka, adati palibe pobooka. Adaonjeza kuti galimoto yatsopano nthawi zina imamveka kafungo ka zinthu zopsa masiku oyamba, koma utsi weniweni ukamveka mkati si wodikira kuti uzolowereke: munthu atsegule mawindo, aime, aone. Ndikukuuzani inu amene mwayamba kugula magalimoto kuno kwathu, amene mumakweza nsungwi, malata ndi mbuzi n'kumanga chitseko ndi chingwe. Musanaloze wa ku Tete, kayang'aneni kumbuyo kwanu.

Anyani amasekana zikundu, adatero akale. Ine paulendo umodzi ndidaweruza anthu a m'maboma awiri, wolakwa atakhala pampando wakutsogolo, atamanga duku bwinobwino.

Musandiseke kwambiri. Ife amene tidathawa ndi mitolo pamutu tidaphunzira kuti wofunsa njira sakufuna njira yokha, ndi kuti chimene wasiya m'nyumba wasiyiratu. Kukayikira kudatisunga amoyo, sindikukana. Koma kuli ngati galu amene palibe adamuuza kuti nkhondo idatha. Akusowa woluma kunja, wayamba a m'nyumba. Mwana akadwala timafunsa kuti wadutsa pano ndani, osafunsa kuti madzi tatunga kuti. Chimanga chikafumbwa timakumbukira amene adayamika nkhokwe. Ndi kangati pamene tidayamba tafunsa kuti nanga ine ndachita chiyani?

Chimene chikundisowetsa mtendere kwambiri ndi china. Ana aakaziwa timawaphunzitsa tokha kuti apongozi sayankhidwa kawiri. Timawayamika tikamati uyu ndi wofatsa, sadziwa kutsutsa. Selestina adapempha mphepo kamodzi, ndidakana, ndipo adasankha kukomoka mwaulemu. Ndikadakhala ndi mpongozi wamwano, wotsegula windo osafunsa, bwenzi nditamunenera mudzi wonse, koma bwenzi mdzukulu wanga asadamwe utsi. Ulemu umene tikuwaphunzitsawu ukusunga yani?

Pobwerera tidapeza makina ali pakhonde pomwe paja, mayi uja atawafunditsa kapulana, chitenje chake, kuti asalowe fumbi. Ndidathokoza. Kenaka ndidatsegula kabokosi ka singano n'kuziwerenga iye akuona. Zidali zonse. Ndidawerenganso. Musayembekeze kuti munthu wa zaka zanga angachire pa Lachiwiri limodzi. Makinawo adafika kwathu m'mawa mwake pa ngolo ya ng'ombe, ine ndikuyenda pambali.

Selestina ali bwino, ndipo mwana akutakataka m'mimba mpaka kumusowetsa tulo. Sadatchulepo nkhaniyi. Amandipatsa madzi atagwada monga mwa masiku onse, ndipo kugwadako kukundiwotcha kuposa mawu. Ndamusokera mwana malaya anayi ndi kachipewa. Ndamuphera Selestina nkhuku. Dzulo ndidapita kukhitchini kwake nditakonza mawu m'kamwa, koma nditafika ndidamva pakamwa panga pakufunsa ngati mchere ukalipo.

Ndiye ndikufunseni, apongozi anzanga a ku Chipera, a ku Chiputo ndi kwina konse: mawu oti "mwananga, ndidalakwa ndine" mumawatulutsa bwanji kwa munthu amene wakugwadirani? Kapena nonsenu mukungosoka malaya?